Mvuu ya Bambo Itadzuka, Bedi la Amayi Linasowa

1

"Longani! Nenani! Bedi langa lili kuti?"

Amayi anga akayamba Chisena, dziwani kuti zinthu zafika pena. Masiku onse amalankhula ngati tonsefe kuno kwa Makhuwira, koma mkwiyo ukakwera, pakamwa pokha pamatsogola kubwerera kwawo ku Nsanje, thupi likadali pakhomo.

"Mayi a Titho, tsitsani mawu. Anthu akumva," anatero bambo.

"Amve! Si anthu omwewo anakuonani mutalinyamula? Dzuwa lili paliwombo, inu mu ovolosi yanu ya ku esiteti, chipewa chanu chobooka chija kumutu, bedi langa pa njinga, mpaka kukalowa nalo pageti pa Imelda!"

"Ine?"

"Ayi, ine!"

Nthawi imeneyo ine ndinali chagada pansi pa galimoto, sipanala 17 m'manja, ndikumanga paipi ya ekizozi. Zomwe ndimaona ndi mapazi okha. A amayi amapita uku, kubwerera uku, kudzutsa fumbi. A bambo anangoima pamodzimodzi m'mapatapata osiyana mitundu, chala chachikulu chikukanda pansi.

"Mwamuna atulutse mpando m'nyumba, ndimva," amayi anapitiriza. "Atulutse wailesi, ndimva. Koma bedi? Munthu amatumiza bedi kumene akufuna kukagona! Masiku khumi ndi atatu atsala kuti Tithokoze akwatiwe. Bedi limenelo ndimati ndimupatse iyeyo, monga amayi anga anandipatsira ine. Likapanda kubwera pano, ukwati mukavina nokha ndi Imelda wanuyo. Ine ndikupita kwathu kwa Tengani, ndipo nkhabe kubwerera, sindibweranso!"

Sipanala inandipulumuka n'kundigwera pamphumi. Sindinalire. Ngakhale kupuma ndinasiya kaye.

Ndine Ireen, mwana wachiwiri komanso womaliza wa a Sebastiano ndi a Evelesi. Zaka 22, wamtali ngati pholo la magetsi. Nkhani iyi kwathu saikonda, koma ikundiyabwa aise, ndiinena basi.

2

Galimoto ndikunenayi timaitcha Mvuu. Ndi pikapu ya dizilo yakalekale, inabadwa ine ndisanaganiziridwe n'komwe. Bambo atasiya ntchito ku esiteti ya nzimbe ankanyamulira nsomba, milamba youma ndi makakana, kuchokera kumadooko a ku Elephant Marsh, kukwera nazo chitunda cha Thabwa mpaka ku Limbe. Chigumula cha 2015 chinaipeza pakhomo. Madzi ataphwa inatsala m'matope, denga ndi magalasi okha zikuoneka, ndiye dzinalo linachokera pomwepo. Zaka eyiti inakhala pa njerwa pansi pa mtengo wa nimu, abakha akuikira mazira pampando wa dalaivala.

Ine ndinaphunzirako umakaniko chaka chimodzi pa galaja ina ku Nchalo, zina ndangotola m'mavidiyo a pa foni. Ndiye mkulu wanga Titho atangolengeza kuti Feston wake wabweretsa mawu, ndinapita kwa bambo.

"Madala, mkwatibwi wathu asakwere minibasi ya eni ake. Tiyeni timudzutse Mvuu."

"Iwe, imeneyo inafa."

"Sinafe, yangogona."

"Zaka eyiti?"

"Inunso mumagona masana onse, koma sitinakuitanirenipo a kwaya."

Anaseka mpaka kutsokomola. M'mawa mwake ndinawapeza akuthamangitsa abakha okha.

Tinayamba mu Juni. Injini tinaitsitsa ndi tcheni chomangirira panthambi ya nimu. M'sampu tinapezamo matope ouma ngati chigumu, m'radiyeta mavu anamangamo mudzi wonse. Tinasintha maring'i ndi gasiketi, manozo opopera dizilo tinawatsuka limodzilimodzi m'beseni losambira la Titho, zomwe mpaka lero sanandikhululukire. Tsiku limene inalira koyamba, utsi wake unathamangitsa udzudzu wa mudzi wonse.

Kutchuna ndiye kunali kokoma heavy. Bambo satchuna ndi buku. Amaika sikuludalaiva pa injini, chogwirira chake kukhutu, maso otseka ngati ali pa pemphero, ine dzanja lili pa injekita pampu.

"Bweza pang'ono. Pang'ononso. Apo! Wamva? Yasiya kutsokomola, yayamba kuimba."

Koma ine sindimafuna kungoidzutsa. Ndimafuna galimoto ya kuno kuchigwa. Tinaonjezera masipuling'i awiri mbali iliyonse kuti ikwere m'mwamba. Paipi yopumira injini ndinaikweza m'mbali mwa galasi mpaka padenga, kuti madzi akasefukira pamsewu izidutsa mphuno ili kunja ngati mwini dzina. Ndinaika fani yachiwiri pa radiyeta chifukwa Thabwa mu Okutobala saseka ndi munthu. Mipando amayi anatisokera okha ndi chitenje cha ananazi. Bodi tinapaka penti wobiriwira. Felemu yogwirira anthu kuseri kwa kabini ndi zitsulo za m'mbali anatiwotcherera ndi Lorenso, amene ali ndi shedi yake pa tiledi, kuseri kwa nyumba ya mai Imelda. Zimenezo ndinapaka penti wasiliva, n'kumatapo timagetsi tothwanima.

Amayi anazungulira galimotoyo kawiri, manja kumbuyo.

"Pyadidi," anatero. "Zabwino zedi, ngati ya bishopu."

Patangopita masabata atatu, analowa m'kachipinda ka kuseri kukatenga bedi.

3

Bedi lake lachitsulo, lolemera ngati njanji. Agogo aamuna, bambo awo a amayi, analigula kutsidya ku Mozambiki n'kuliwolotsa pa bwato. Chigumula chomwe chija chinalisiya ndi dzimbiri, waya wake atatsika pakati ngati ukonde wa nsomba. Bambo anagula lathabwa, lachitsulolo n'kulimasula, kuliponya m'kachipinda pansi pa ziguduli za thonje. Zaka eyiti palibe analitchulapo. Ngakhale kamodzi.

Amayi atapeza ziguduli zokhazokha anatuluka akufuula, ndipo a Maness, neba wathu amene mpanda wake uli ndi mabowo ambiri kuposa udzu, anafika asanaitanidwe.

"Inetu ndinaona, asisi, koma ndimati mukudziwa. Mwezi wathawu, cha m'ma wani koloko masana. Ndinawatsatira ndi maso, kenako ndi miyendo pang'ono. Analowa nalo pa Imelda."

Mai Imelda ndi mayi wamasiye, amagulitsa thobwa lozizira pakhonde pawo. Oyera, onenepa bwino, oseka ndi aliyense. Simufunikanso kuuzidwa kuti nkhani inathamanga bwanji. Pofika madzulo inali itafika kudooko, ena akuti bedi lokha, ena akuti ndi matilesi omwe.

Pakhomo panazizira, mu Okutobala, ku Chikwawa. Mphasa ya bambo inatulutsidwa pakhonde. Tiyi wawo amabwera wopanda shuga. Amayi anasiya kuwalankhula, uthenga umadutsa kwa abakha.

"Abakha inu, auzeni abwana anu madzi osamba akatunge okha. Kapena akasambe konko."

Ine ndimadziwa kumene bedi linali. Ndimadziwanso kuti bambo sanalikhudze ngakhale ndi chala.

Tsiku lachitatu foni inalira. Lorenso.

"Ireen, zafika povuta. Mai Imelda sakugulitsanso thobwa, azimayi a mpingo akudutsa osawapatsa moni. Akuti ndichotse shedi yanga, ndawabweretsera tsoka. Uwauze amako."

"Ndiwauza, man. Ndikufuna taimu yabwino."

"Taimu yabwino inali mwezi watha."

Ndinapita kukhitchini ndili siriyasi, mawu nditawakonza bwinobwino. Ndinapeza amayi akutumbula mlamba ndi mpeni waukulu uja, Titho ali pambali maso ofiira.

"Amayi, ine bedilo sindikulifuna n'komwe," amatero Titho. "Feston wagula lake. Musathetse banja chifukwa cha zitsulo."

"Zitsulo?" Mpeni unaima. "Iwe sukudziwa kanthu. Kumutu kwa bedi limenelo, pa chitsulo cha pamwamba, pali mabala asanu ndi awiri. Mwana akabadwira pamenepo, bambo anga ankatenga tupa n'kucheka bala limodzi. Asanu ndi athu, ine ndi abale anga. Awiri mwa iwo anapita kalekale, chithunzi chawo palibe, manda awo madzi anakokolola. Bala lachisanu ndi chimodzi ndiwe. Lomaliza, lakuya kwambiri, ndi Ireen, chifukwa anandivuta usana wonse msewu wa kuchipatala utaduka ndi madzi. Ndiye ana anga ndi abale anga akagonedwe ndi Imelda?"

Za mabalazo ndinali ndisanamvepo.

Amayi anandiona pakhomo. "Ninji? Ukufuna chani?"

Ndinayang'ana mpeni. Ndinayang'ana mlamba.

"Mchere ulipo wokwanira?"

"Ulipo. Choka."

Ndinachoka. Panja ndinapeza bambo akupukuta boneti ya Mvuu ngati palibe chikuchitika.

"Madala, bwanji osakana mwamphamvu? Mwangoti phee."

"Ndinakana kamodzi, zakwana. Amene akudziwa alipo. Alankhula akakonzeka." Anandiyang'ana m'maso. "Tandipatsa sipanala 13."

4

Lachisanu m'mawa malume Gabriel, mchimwene wawo wa amayi komanso nkhoswe ya banjali, anafika pa kabaza. Anakhala pa tayala lakale pansi pa nimu, n'kuvula nsapato chifukwa cha kutentha.

"Alamu, ndifunsa pang'onopang'ono. Pa Imelda mumapitapo?"

"Ndimapitapo."

"Kukatani?"

"Kwa wowotcherera. Mabulaketi a galimotoyi."

"Basi?"

"Ndi thobwa."

"Mwamva!" amayi anaimirira. "Thobwa! Pano palibe chimera?"

"Khala pansi, Evelesi. Alamu, ovolosi imene anaona a Maness ndi yanu?"

"Yanga."

"Chipewa?"

"Changa."

"Njinga?"

"Yanganso."

Malume anakanda m'mutu. "Alamu, mukundivutitsa. Ndithandizeni kuti ndikuthandizeni."

Ine ndinali kuseri kwa galimoto, ndikumanga nati yomwe ndinali nditaimanga kale katatu. Mtima umati lankhula, pakamwa pamati dikira malume achoke kaye.

Amayi analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chikwama chawo chachikulu cha mizeremizere, chodzaza mpaka zipi kukana.

"Galimoto yanuyi mwati yatha, eti? Chabwino. Ulendo wake woyamba ikatenge bedi langa. Tikalitulutsa m'nyumba mwa Imelda dzuwa likuwala, anthu akuona. Likakwera, mukanditula pa siteji, ine ndi bedi langa tizipita kwa Tengani. Ireen, liza."

"Amayi, mabuleki sindinawayese bwino..."

"Liza!"

Mvuu imene masiku ena imafuna kunyengerera, tsiku limenelo inalira kamodzi n'kamodzi. Mfiti ya galimoto.

5

Amayi anakana kukhala kutsogolo ndi bambo. Anakwera kumbuyo n'kuima kuseri kwa kabini, manja onse awiri pa felemu yasiliva ija. Malume ndi Titho anakhala pa chikwama. A Maness anakwera okha, ati mboni siitsala. Ine pa chiwongolero, bambo pambali panga chigongono pawindo, ngati tikupita kokaona mpira.

Kuchokera kwathu kukafika pa tiledi ndi makilomita anayi, msewu wafumbi wa mizeremizere ngati malata. Chilungamo chake, Mvuu imayenda bho. Injini ikuimba, giya ikulowa ngati mpeni m'papaya, ana akutithamangira m'mbali akukuwa. Ulendo umene ndinaulota miyezi isanu, koma ine thukuta lili kamukamu mpaka m'mawondo.

Titalowa pa mabampu, kumbuyo kunayamba phokoso.

Kwiii-kwi. Kwiii-kwi.

Galasi la kumbuyo kwa kabini linasweka kalekale, ndiye zonse zimamveka.

"Phokoso limeneli ndikulidziwa," anatero Titho.

"Ndi masipuling'i!" ndinakuwa.

Kwiii-kwi. Kwiii-kwi.

"Ayi, ndikulidziwa ndithu. Tili ana, amayi akamatembenuka..."

Ndinaponda mafuta kuti injini iphimbe. Kumeneko ndiye kunali kulakwitsa. Galimoto inanjenjemera yonse, ndipo pa kalilole ndinaona tizidutswa toyera tikugwa pa felemu ngati makoko a dzira. Fila. Fila wotsekera mabowo a chitsulo amene ndinamata ndekha, dzuwa la kuno linamuumitsa, mabampu n'kumumaliza.

Ndinaona chala chachikulu cha amayi chikuyenda pa chitsulo cha pamwamba. Chinaima. Chinasuntha pang'ono, n'kuimanso. Milomo yawo imawerenga. Chitafika pa lachisanu ndi chiwiri, chinalowa mkati n'kukhala momwemo.

Phaa! Phaa! Padenga.

"Imika!"

Mabuleki anagwira bwino kwambiri, mpaka a Maness anakakumbatira malume.

Tinaima pakati pa msewu, pafupi ndi mjigo, azimayi ali pamzere ndi zidebe. Amayi sanatsike. Anayang'ana felemu kuyambira pamwamba mpaka pansi. Anayang'ana zitsulo za m'mbali zimene malume anatsamira. Kenako anayang'ana ine, nditatsika, nditagwada kale pafumbi lotentha ngati chiwaya.

"Ndine, amayi."

Zonse zinatuluka nthawi imodzi. Mapaipi a masiku ano ukangotsamira apindika, mkwatibwi akanagwa nawo m'ngalande. Ndinazunguzika sabata yathunthu, kenako ndikufuna chiguduli chogonera pansi pa galimoto ndinapeza chitsulo chenicheni chili phee m'kachipinda. Ndinadikira wani koloko, nthawi imene dzuwa la kuno limagoneka ngakhale agalu. Ovolosi ya bambo ndi imene ndakhala ndikugwirira ntchito kuyambira Juni. Chipewa ndinatola pa msomali chifukwa cha dzuwa. Kushedi kwa Lorenso kulibe njira ina, umadutsa pageti pa mai Imelda. Kumutu kwa bedi kunakhala felemu, zitsulo zazitali zinakhala za m'mbali, miyendo inakhala mabulaketi. Mabala aja ndinkaona ngati ndi kuwonongeka chabe, ndiye ndinawatseka ndi fila.

"Inetu ndinangoona msana," anatero a Maness ndi mawu aang'ono. "Mwanayu ndi wamtali."

"Inu khalani chete," anatero malume, koma mapewa awo amagwedezeka.

Amayi anatsika pang'onopang'ono. Sanakuwe. Bola akanakuwa.

"Unadula bedi limene unabadwirapo."

"Ndimaona ngati munalitaya, amayi. Sorry. Pepani."

"Kudulako ndi kupusa, ndipo kupusa ndinakubereka nako. Koma masiku asanu, Ireen. Masiku asanu bambo ako akudyedwa ndi udzudzu pakhonde, mayi wamasiye akutukwanidwa, ine ndikulongedza zovala, iwe ukundifunsa za mchere?"

Ndinangoweramitsa mutu.

Anapita kuwindo la bambo. Anakonza chitenje, n'kutsitsa mawu mpaka azimayi a pa mjigo anachita kusendera.

"Bambo a Titho, ndakulakwirani. Simunadziwe kanthu, ine n'kukunyozani pamaso pa anthu."

Bambo anatsokomola. Akanangoti zikomo, nkhani ikanathera pomwepo. Koma madala anga ndi madala anga.

"Kudziwa ndiye ndimadziwa."

"Mwati?"

"Tsiku lomwe Lorenso anaibweretsa. Zaka makumi awiri ndakhala ndikugunda mutu pa chitsulo chimenechi m'mawa uliwonse. Muchipake siliva, muchipake golide, chipumi changa chikuchidziwa."

"Ndiye munangokhala chete?"

"Ndimafuna mwanayu alankhule yekha. Munthu wogwira mabuleki a anthu ayenera kudziwa kunena kuti apa ndalakwitsa." Anaima kaye, n'kumwetulira ngati mnyamata. "Komanso, mayi a Titho, zaka makumi atatu simunandichitirepo nsanje. Ndimati ndilaweko pang'ono. Imakoma."

Malume Gabriel anagwa pa chikwama ndi phwete. Amayi anavula patapata. Bambo, munthu wodandaula bondo chaka chonse, anatulukira khomo la dalaivala n'kuzungulira Mvuu kawiri, amayi ali pambuyo, Chisena chikutuluka chimene sindingalembe pano. Azimayi a pa mjigo anasiya zidebe zikusefukira.

6

Pa Imelda tinapitabe. Amayi anati tinanyamuka kukachita manyazi a munthu, ndiye tikachite athu pakhomo pomwepo.

Tinawapeza pakhonde, chidebe cha thobwa chili chodzaza, makapu ali chozondoka. Ataona gulu lonse likutsika anaimirira n'kumanga chitenje mwamphamvu.

"Mwabwera kudzasecha? Lowani. Ine ndimagona pamphasa chimwalirireni amuna anga, msana wanga sufuna bedi."

Amayi anandikankhira kutsogolo. Ndinagwadanso, mawondo omwe aja, n'kufotokoza zonse kachiwiri, Lorenso akuvomereza ndi mutu kuseri kwa mpanda. Kenako amayi nawo anagwada. Sindinawaonepo akugwadira munthu amene si wansembe.

"Asisi, pakamwa panga panathamanga. Ndikhululukireni."

Mai Imelda anatiyang'ana tonse. Kenako anayang'ana bambo, amene amabisala kuseri kwa malume.

"A Evelesi, tanenani zoona. Ine amuna anuwa ndiwatani? Munthu amagula kapu imodzi ya thobwa n'kukhala maola atatu akundifotokozera za injekita pampu. Mukanabwera kudzawatenga kale ndikanakuthokozani."

Amayi anayesa kudzigwira, koma zinakanika. Anaseka mpaka misozi, mai Imelda n'kuwadzutsa ndi manja awiri.

"Koma sizithera pakhonde pano," anatero mai Imelda. "Amene ananyamula nkhaniyi kupita nayo kumpingo ndi kudooko, akaibweze konko ndi miyendo yomweyo."

Tonse tinatembenukira kwa a Maness.

"Ine bondo," anatero.

"Galimoto ilipo," anatero amayi. "Ireen akuperekezani. Nayenso ali ndi zoti akanene."

Loweruka lonse ndinayendetsa a Maness mudzi ndi mudzi, ine kunena mbali yanga, iwo yawo. Mvuu inayesedwa mokwanira. Fani yachiwiri ija imagwira ntchito, ndikutsimikizireni.

7

Ukwati unachitika, ndipo amayi anavina mpaka nsapato kuduka. Thobwa la paphwando anaphika mai Imelda. Titho anakana kukhala m'kabini. Anaima kumbuyo mu diresi lake loyera, manja pa felemu, maliboni atamangidwa paliponse kupatula pa mabala asanu ndi awiri aja. Pamenepo amayi anapala penti yense ndi mpeni, anati pazioneka. Njira yonse yopita kutchalitchi, kwiii-kwi, kwiii-kwi, ndipo azimayi achikulire a m'mudzi amangogwirana mapewa ndi kuseka.

Inu amene mukuwerenga, makamaka anzanga okonda kumasula ndi kumanga zinthu, mverani ine. Chinthu chikakhala pansi pa ziguduli zaka eyiti, sikuti chilibe mwini. Ife timaona chitsulo chabwino, mwini wake amaona anthu ake. Funsani kaye, galainda ilibe rivesi. Koma chimene chimandiwawa kwambiri si kudulako. Ndi masiku asanu aja. Tsiku loyamba chilungamo chikanandidyera mbama imodzi basi. Tsiku lililonse limene ndinadikira taimu yabwino, wina amalipira m'malo mwanga: bambo pakhonde, mai Imelda ndi thobwa lawo losasa, Titho akulira ukwati wake utayandikira. Ndimatha kumva nozo imodzi ikadwala m'kati mwa injini, koma amayi anga akusweka mtima pamaso panga ndinafunsa za mchere.

Mvuu ikuyendabe. Ndimanyamula nsomba Lachiwiri ndi Lachisanu, Thabwa timakwera osawira. Titho pano ndi woyembekezera, ndipo sabata yatha ndikufuna fyuzi m'kabokosi ka m'kabini ndinapezamo tupa watsopano, wokulunga m'kansalu. Amayi anati ndisamuchotse, msewu wa kuchipatala sudziwika, bala lachisanu ndi chitatu likhoza kufunika pa felemu.

Dzulo ndinawapeza akusita pakhonde, ali mu mudu wabwino, akuimba nyimbo ya kwaya. Ndinati mwina taimu yabwino ija ndi imeneyi.

"Amayi, tiyerekeze, kungoyerekeza chabe. Pali munthu wina wake amene akufuna kudzaonekera kwa malume. Ine ndikamadzakwatiwa, mudzandipatsa chani?"

Anaimika simbi. Anandiyang'ana kuyambira ku ovolosi mpaka ku zikhadabo zakuda ndi girisi.

"Bedi unatenga kale. Muzikagona m'galimoto."

Ananyamula zovala zawo n'kulowa m'nyumba.